Dzira lili ndi tsiku lake: zomwe taphunzira pa geni ya mazira mu msika wa Lilongwe

   Pakamwa pomwe pakuyankhula ndi pamodzi, koma mawuwa ndi a gulu lathu lonse, amayi amene timagulitsa mazira mu msika waukulu wa Lilongwe ku Old Town, kufupi ndi depoti ya mabasi. Anzathu ena atsala pa benchi, paja geni siitsekedwa. Potituma anatiuza kuti tikafika kuno tisakometse nkhani, tinene pomwe tinagwa ndi pomwe tinadzukira.

Mwatipempha kuti tifotokoze mmene munthu angapezere alimi a nkhuku zoikira mazira pafupi ndi tauni yathu ino, ndi mmene angagulitsire mazira abwino mpamba osatha. Tiyambira pa tsiku lomwe tinachita manyazi.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Nthawi imeneyo tonse tinkapikula mazira kwa bambo wina amene ankabwera ndi galimoto m'mawa. Dzina sititchula. Komwe ankawatenga sitinkakudziwa, ndipo sitinkafunsa, chifukwa mtengo wake unali wofewerako. Mmodzi wa ife anali ndi kasitomala wake wodalirika, mayi wophika makeke ku Area 47, amene anatenga mathireyi asanu pokonzekera ukwati wa Loweruka. Lachisanu masana mayi uja anatulukira mumsika ndi beseni m'manja, n'kuliika pa benchi anthu onse akuona. Mazira ena chikasu chinali chitasungunuka ngati madzi. Awiri anali osukusa, ndipo limodzi mwa awiriwo linagwera m'mbale momwe anali atasakaniza kale shuga ndi majarini. Fungo lake inu! Mnzathuyo anabweza ndalama yonse. Kasitomala sanabwerenso, ndipo anakauza anzake onse ophika makeke. Titamufunsa mwini galimoto uja, anatiyankha kuti iye saikira mazira. Zinatipweteka, komatu ankanena zoona. Iyenso anawagula kwa wina, winayo anawagula kwa winanso. Pa mzere wonsewo panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa tsiku lomwe nkhuku inaikira.

Paja safunsa anadya phula. Madzulo a tsiku lomwelo tinakhala pansi n'kugwirizana lamulo limodzi: dzira lomwe sitikudziwa khola lake ndi tsiku lake silikwera pa benchi yathu. Zonse zomwe tinene lero zatuluka m'lamulo limeneli.

Mwina wina afunsa kuti tsikulo n'lofunika chiyani, dzira si dzira basi? Amayi, tomato akayamba kuwola amaoneka, nsomba imanunkha, masamba amafota. Dzira limakalamba mwakachetechete, kunja likuoneka bwinobwino. Chigoba chake chili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Tsiku lililonse madzi a mkati amatuluka pang'ono, mpweya n'kulowa, ndipo kathumba ka mpweya kamene kamakhala ku mbali yaikulu ya dzira kamanka kakula. Kukatentha zimenezi zimathamanga. Ndiye wogula sangadziwe ndi maso. Amakhulupirira inuyo. Pa geni imeneyi chomwe anthu amalipira ndi mawu anu akuti awa ndi atsopano.

Tsopano tiwerengere limodzi. Thireyi imodzi ili ndi mazira 30. Mitengo ya makwacha sititchula, chifukwa pofika mwezi wamawa idzakhala itasintha. Ife phindu timaliwerengera m'mazira. Pomwe tinkapikula kwa anthu apakati, ndalama ya mazira 26 kapena 27 inkangobweza mpamba. Phindu linali mazira atatu kapena anayi otsalawo. Pamenepo muchotsepo chiphaso cha khonsolo cha tsiku lililonse, muchotsepo kabaza, muchotsepo majumbo. Awiri asweke mu minibasi, limodzi akazinge kunyumba, basi, mwakhala padzuwa tsiku lonse mwaulere. Tikagula pakhola penipeni, mazira awiri kapena atatu omwe ankadya munthu wapakati amabwerera kwa ife. Zikumveka zochepa, koma pa mathireyi khumi ndiye mazira 20 mpaka 30, pafupifupi thireyi yathunthu imeneyo.

Nanga makolawo ali kuti? Makampani akuluakulu monga Central Poultry aliyense akuwadziwa, mazira awo ali m'mashopu ndi m'misika, ndipo ntchito yawo akuigwira. Ife tikunena za alimi ang'onoang'ono, a nkhuku 200, 500, mwina 1,000, amene azungulira tauni ino. Ambiri saika chikwangwani pamsewu poopa akuba ndiponso poopa matenda obwera ndi alendo. Mukhoza kudutsa pa mpanda wawo chaka chonse osadziwa kuti mkatimo muli nkhuku. Kuti muwapeze muyenera kutsata zomwe zimalowa m'khola ndi zomwe zimatulukamo.

Cholowa ndi chakudya. Tinapita m'mashopu ogulitsa chakudya cha nkhuku, anapiye ndi mankhwala a ziweto. Munthu amene amagula matumba a chakudya cha nkhuku zoikira sabata iliyonse ali ndi mazira, palibe kuchitira mwina. Tinacheza ndi ogulitsa, tinasiya nambala zathu za foni, ndipo tinacheza ndi anyamata a kabaza amene amanyamula matumbawo. Iwowa amadziwa geti iliyonse.

Chotuluka ndi manyowa. Feteleza atakwera mtengo, alimi a kudimba anayamba kulimbirana zitosi za nkhuku. Ndiye tinafunsa anzathu a mumsika momwemo, amayi a tomato ndi a masamba, kuti amene amakubweretserani katunduyu manyowa amawagula kuti. Makola awiri abwino kwambiri tinawapeza motero, pa benchi yoyandikana nayo. Chinanso chotuluka ndi nkhuku zotha kuikira, zija zofiirira zothothoka nthenga zomwe zimabwera zambiri nthawi imodzi. Wogulitsa nkhuku zimenezo akudziwa khola lomwe zachokera.

Tinapitanso kwa alangizi a ziweto ku maofesi a zaulimi, monga ku Mitundu, ku Mpingu ndi ku Chitsime. Iwo amadziwa amene akuweta chiyani m'dera lawo, ndipo kufunsa n'kwaulere. Pa WhatsApp ndi pa Facebook palinso magulu a alimi a nkhuku, ndipo alimi enieni alimo. Koma chonde amayi, musatumize ndalama kwa munthu amene khola lake simunalione ndi maso anu. Chithunzi cha mathireyi aliyense akhoza kuchitola pa intaneti.

Titasonkhanitsa mayina tinagawana misewu, awiriawiri. Ena analowera msewu wa Likuni, kudutsa Chinsapo mpaka Chigwirizano. Ena msewu wa Bunda mpaka Mitundu. Ena msewu wa Mchinji, cha ku Njewa, Chitedze mpaka Msundwe. Ena anakwera kudutsa Kanengo kukafika ku Lumbadzi, ena anatsikira ku Nanjiri ndi Nathenje. Tinapezanso kuti m'tauni momwemuno, kuseri kwa mipanda ya ku Area 25, Area 49 ndi Area 36, muli amayi oweta nkhuku zochepa amene amasowa wowagula mokhazikika.

Mukafika pakhola, musakhumudwe mlimi akakukanizani kulowa, kapena akakuuzani kuti muponde kaye m'madzi a mankhwala pakhomo. Ameneyo ndiye mlimi wabwino. Chitopa, ena amati chideru, chimatha kupulula khola lonse m'masiku ochepa, ndipo chimayenda ndi nsapato, zovala ndi mathireyi akale ochokera kukhola lina. Ife amene timayenda khola ndi khola tikhoza kukhala onyamula matendawo. Choncho imani panja, suzumirani pa waya. Mufunseni ngati nkhuku zake zinalandira katemera, ndipo akuonetseni pomwe amalemba. Kwa oweta nkhuku zachikuda kuli katemera wa chitopa wodontheza m'diso wotchedwa I-2, amene amapangidwa ku labotale ya boma ya zaziweto konkuno ku Lilongwe.

Gwiritsani ntchito mphuno. Khola likamanunkha mpaka maso kuwawa, utuchi wapansi uli chinyontho, mazira akenso amatuluka akuda ndi zitosi. Onani ngati madzi akumwa ndi oyera. Funsani kuti amatola mazira kangati patsiku. Nkhuku zambiri zimaikira m'mawa, ndipo mlimi wosamala amatola kawiri kapena katatu kuti asakhalitse m'khola n'kumapondedwa. Akuonetseni chipinda chomwe amasungira. Ngati mathireyi aunjikidwa pa dzuwa, kapena pafupi ndi malata otentha, mazirawo akalamba msanga. Funsaninso ngati nkhuku zikumwa mankhwala a matenda, chifukwa mankhwala ena amafuna kuti padutse masiku angapo mazira asanadyedwe, ndipo zimenezo zimalembedwa pa paketi.

Koma funso lomwe latipulumutsa kwambiri ndi ili: muli ndi nkhuku zingati, ndipo zili ndi miyezi ingati? Mverani masamu ake. Nkhuku siikira kuposa dzira limodzi patsiku. Nkhuku 100 zachizungu zikakhala pachimake zimapereka mazira pakati pa 80 ndi 90, kutanthauza mathireyi osapitirira atatu patsiku. Ndiye munthu wa nkhuku 100 akakuuzani kuti ali ndi mathireyi 40 a lero, dziwani kuti mwina wawaunjika kwa masabata awiri, mwina wakawagula kwina. Musakangane naye. Muthokozeni, nyamukani.

Msinkhu wa nkhuku umakuuzaninso zambiri. Zimayamba kuikira zikakwana masabata 18 mpaka 20, ndipo zimaikira bwino pafupifupi chaka chimodzi, kenako zimayamba kutsika mpaka mlimi azigulitse. Zongoyamba kumene zimapereka timazira tating'ono. Zokalamba zimapereka mazira akuluakulu okopa maso, koma chigoba chake chimakhala chopyapyala, sachedwa kusweka panjira. Ndipo tsiku lomwe mlimi wagulitsa nkhuku zake, inu mazira mulibe kwa miyezi ingapo mpaka anapiye atsopano akule. Ife zinationekera, tinakhala masabata atatu mabenchi ali mbee. Pano tili ndi alimi angapo a nkhuku zosiyana misinkhu, kuti wina akamatsitsa wina akhale akuyamba.

Tsopano timuyankhulireko mlimi, chifukwa nafenso poyamba tinkamuona ngati wofuna kutidyera. Nkhuku imodzi yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku. Nkhuku 100 zimatha makilogalamu 11 kapena 12, ndiye thumba la makilogalamu 50 silifika masiku asanu. Iikire isaikire, imadya. Chakudyacho chimapangidwa kwambiri ndi chimanga ndi soya, pamodzi ndi mavitamini ndi zina zogula kunja ndi madola. Mukukumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Chimanga chikasowa, munthu ndi nkhuku amalimbirana thumba limodzi. M'zaka zimenezi tinaona makola ena omwe tinkagulako akutsekedwa, ndipo ena mwa eni ake anali amayi ngati ife tomwe. Dzira likakwera mtengo pa benchi, nkhani imakhala itayambira ku thumba la chakudya.

Ndiye chomwe mlimi wamng'ono amafuna kwa ife ndi ndalama yapamanja pa tsiku lodziwika, kuti akagule chakudya nkhuku zisanagone ndi njala. Ifenso chomwe timafuna ndi mazira a tsiku lodziwika. Pamenepa ndi pomwe timagwirizana. Timalemba mu kope, iye asayine ife tisayine: timabwera Lachiwiri ndi Lachisanu, timatenga mathireyi akutiakuti, timalipira pompo, mathireyi opanda kanthu timabweza ali oyera ndi ouma, mtengo ukafuna kusintha atiuze kusanathe masiku atatu, ndipo pa thireyi iliyonse alembepo tsiku lomwe mazira anatoledwa. Kulemba tsikuko poyamba ankakuona ngati chipongwe. Pano ena amalemba okha tisanawakumbutse, chifukwa aona kuti sitiwathawa ngakhale wina atsitse mtengo pang'ono.

Zimenezi munthu mmodzi sangazithe. Mutu umodzi susenza denga. Mayi mmodzi akapita ku Mitundu kukatenga mathireyi atatu, thiransipoti yokha yadya phindu lonse, ndipo benchi yake yakhala yotseka theka la tsiku. Ife timasonkha ndalama madzulo, aliyense kulembetsa mathireyi ake, ndipo awiri amanyamuka m'mamawa kukatengera gulu lonse. Otsala amawagulitsira pa benchi zawo. Sabata yamawa apita ena.

Kuyenda awiriawiri kuli ndi chifukwa chinanso, ndipo tichinene poyera chifukwa muno muli atsikana. Mnzathu wina wamng'ono, mpamba utamuthera mwana atadwala, anapempha kapitawo wa pa famu ina kuti amupatse mathireyi pangongole. Kapitawo uja anamuuza kuti abwere yekha madzulo akakambirane bwino. Tonse tikudziwa tanthauzo lake. Mtsikanayo anabwera kudzatiuza, ndipo tinamuyamikira chifukwa ambiri amangokhala chete. Tinapita anayi kukaonana ndi mwini famu, tinanena zomwe zinachitika, ndipo mpamba tinamubwereka ife ku banki m'khonde yathu. Amayi, lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere, ndipo ku polisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Thupi lanu si chikole cha thireyi ya mazira. Wina akayamba zotere, musamubisire.

Tibwere pa ulendo wobwerera. Mazira ambiri amasweka pakati pa khola ndi benchi. Timasanja mathireyi asanu kapena asanu ndi limodzi, pamwamba n'kuvindikira ndi thireyi yopanda kanthu, n'kumanga ndi chingwe mopingasa. Mu minibasi musalole kondakitala awaponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala. Kuli bwino kulipira mpando wina, chifukwa mtengo wa mpando sufika pa mtengo wa thireyi yosweka. Wakabaza akhale mmodzi wodziwika, amene wamva kuti pa bampu amatsika liwiro. Nyamukani dzuwa lisanakwere. Nthawi ya mvula tengani pulasitiki yofunditsa, chifukwa thireyi ya pepala ikanyowa imafewa n'kugwetsa zonse.

Katundu akafika timayesa, ngakhale mlimiyo timamukhulupirira. Tengani dzira limodzi kapena awiri muike m'kapu ya madzi. Latsopano limamira n'kugona chammbali. Lokhalitsa limamira koma limaimirira. Loyandama tayani, musaganize kawiri. Loyesedwa m'madzilo musalibwezere pa thireyi, kaphikeni tsiku lomwelo. Njira ina ndi tochi ya foni: pamalo a mdima, gunditsani dzira pa tochi, muona kathumba ka mpweya kaja, ndi ming'alu yomwe maso sanaione. Kathumbako kakakhala kakang'ono, dzira ndi latsopano. Mukaliswa pa mbale, latsopano chikasu chimaima chozungulira, choyera chija chili chogwirana. Lakale limangoyenderera mbale yonse.

Mazira ogulitsa musawatsuke. Nkhuku ikamaikira imalikuta dzira ndi kachinthu kopyapyala kotseka timabowo tija. Madzi amachotsa kachinthuko, ndipo tizilombo timalowa mosavuta. Lakuda pang'ono lipukuteni ndi kansalu kouma. Pa thireyi, nsonga yaing'ono iloze pansi. Sungani pamthunzi podutsa mphepo, kutali ndi usipa, anyezi, sopo ndi parafini, chifukwa dzira limakoka fungo. Oyamba kufika ayambe kutuluka. Ife tinapangana kuti m'miyezi yotentha, Okutobala ndi Novembala, dzira lisapitirire sabata imodzi pa benchi. Likayandikira, timatsitsa mtengo n'kumuuza wogula chifukwa chake. A ming'alu timawapatula, timagulitsa tsiku lomwelo motsika kwa okazinga pompo, ndipo timawauza kuti ndi ong'aluka. Lomwe likudontha siligulitsidwa.

Ogula athu ali mitundu ingapo, ndipo aliyense ali ndi chomwe amafuna. Mumsika muli wogula limodzi kapena awiri a ndiwo za madzulo. Ameneyu musamuderere, ndi amene amabwera tsiku lililonse, ndipo pa dzira limodzilimodzi ndi pomwe phindu limakula. Pali anyamata a chiwaya ndi a matiyirumu a ku depoti ndi msewu wa Malangalanga, pali owiritsa mazira n'kumayenda nawo m'mabasi. Iwowa amatenga ochuluka, amafuna mtengo wofewa, ndipo timazira tating'ono sawakana. Pali amayi a makeke, amene amafuna mazira ofanana kukula chifukwa muyeso wawo umadalira pamenepo. N'chifukwa chake timasankhula, aakulu paokha, aang'ono paokha, mtengo wosiyana.

Kenako pali a m'mayadi, ku Area 3, Area 9, Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 47, komanso a m'maofesi a ku City Centre ndi Capital Hill. Anthu amenewa ali ndi galimoto, mashopu akuluakulu ali nawo pafupi. Nanga agulirenji kwa mayi wa mumsika? Chifukwa ife timatha kunena kuti awa atoledwa dzulo ku Mitundu, tsiku lake ndi ili pa thireyi, ndipo likapezeka loipa ngakhale limodzi tibweza awiri. Timawafikitsira pa geti tsiku lomwe tinapangana, osaphonya. Katundu akafika timajambula n'kuika pa WhatsApp, maoda amabwera tisanamasule chingwe. Ndipo tikuuzeni chinsinsi: m'mayadimo lemekezani anthu ogwira ntchito m'nyumba ndi alonda. Ndi amene amatsegula geti, ndi amene amaswa dziralo m'khitchini, ndipo ndi amene amauza abwana kuti mazira a amayi aja ndi abwino. Ambiri mwa iwo ndi amayi anzathu. Apatseni moni ndi dzina lawo.

M'mayadi momwemo ena amafunsa mazira a nkhuku zachikuda, aang'ono a chikasu chowala aja, ndipo amalipira bwino. Timawapeza kwa amayi a kumudzi oweta zachikuda ndi za mikolongwe, zakuda zija zomwe dzina lake linachokera ku Mikolongwe ku Chiradzulu. Koma samalani. Nkhuku zimenezi zimayenda ndi atambala, ndiye kukatentha, kapena thadzi likawafungatira masiku ochepa, mkati mumayamba kupangika mwanapiye. Aliyense wa amenewa timamuunika ndi tochi. Ndipo musatenge timazira tating'ono ta nkhuku zachizungu n'kumati ndi tachikuda. Adzakugwirani tsiku limodzi, ndipo mbiri imathamanga kuposa kabaza.

Chomwe chagwetsa amayi ambiri pa geni imeneyi ndi ngongole. Bwana wovala tayi atenga mathireyi awiri, akuti tionana pakutha pa mwezi. Mwezi watha, foni sakuyankha, inu mukuchita manyazi kukaima pa ofesi yake. Koma mlimi uja nkhuku zake sizidikira malipiro a mwezi. Lamulo lathu ndi lakuti ngongole ndi thireyi imodzi, yachiwiri siituluka yoyamba isanalipidwe, kaya munthuyo ndi wa udindo wotani. Ndalama zilowe mu Airtel Money kapena TNM Mpamba ya dzina lanu, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yanu. Katapila muthaweni, chifukwa phindu la mazira anayi pa thireyi silingabweze chiwongoladzanja chake.

Kunyumba nakonso kuli ngongole yosalembedwa. Abambo akaona thireyi pakona amati tangokazingani anayi, alamu abwera atengeko asanu, apongozi apite ndi khumi. Sitikuti muzimana abale. Tikuti lembani. Dzira lililonse lotuluka lilowe mu kope, logulitsa, losweka, lodyedwa, lopatsa. Mnzathu wina atawaonetsa amuna ake kope la mwezi umodzi, anaona okha kuti pakhomo padyedwa mathireyi atatu, ndipo kuyambira pamenepo amasiya ndalama akafuna mazira. Ena mwa ife nkhondo imeneyi sinathe, ndipo n'chifukwa chake ndalama ya mpamba imagona ku gulu, siigona pansi pa pilo.

Komabe pali mazira omwe timapatula dala, ndipo awa ndi a ana athu ndi a ife eni. Ambiri tinakula tikuuzidwa kuti mayi woyembekezera akadya dzira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, ndi kuti mazira si a ana. Amene ankadya anali abambo ndi alendo. Ku sikelo anamwino amatiuza kuti zimenezo n'zabodza, ndipo mazira ali m'gulu la zakudya zochokera ku nyama pa magulu asanu ndi limodzi aja. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Dzira lokha silingathetse vuto limeneli, koma n'zomvetsa chisoni kuti mayi agulitse mathireyi 20 pa sabata mwana wake osalawa ndi limodzi lomwe. Liphikeni lipse bwino, mwana adye, woyembekezera adye. Ndipo mtsikana woyembekezera akaima pa benchi n'kumafunsa monong'ona ngati n'zoona za tsitsi zija, timamuonetsa ana athu. Tsitsi lili mbuu, mpaka ndalama yometera kutisowa.

Tisanakhale pansi, tili ndi zopempha. Kwa a khonsolo ya mzinda: chiphaso timadula tsiku lililonse, ndiye tikupempha mthunzi wokwanira, madzi, zimbudzi zaukhondo ndi malo okhoma katundu usiku. Dzira lokhala pa dzuwa ndi ndalama ya mayi yomwe ikusungunuka. Kwa alangizi a ziweto: mukamayendera alimi, muziwauza kuti mumsika muli amayi ogula ndi ndalama yapamanja. Kwa amayi amene mukuweta nkhuku kuseri kwa nyumba: tipezeni, tikambirane, ndipo muyambe lero kulemba tsiku pa thireyi.

Kwa inu amene mukufuna kuyamba, musadikire mpamba waukulu. Pezani anzanu anayi kapena asanu amene mumakhulupirirana. Sabata yoyamba musagule kanthu, ingoyendani, funsani ku shopu ya chakudya cha nkhuku, funsani amayi a tomato, kaoneni makola awiri kapena atatu, werengani nkhuku. Pezani ogula asanu amene akulonjezani musanatenge katundu. Mukatero yambani ndi mathireyi awiri aliyense, kope ndi pensulo zili m'chikwama.

Mayi wa makeke uja tinakumana nayenso patapita chaka ndi miyezi. Mnzathu anamupititsira thireyi imodzi yaulere, tsiku lake litalembedwa pambali, n'kumuuza kuti aswe lililonse lomwe akufuna iye ali pomwepo. Anaswa atatu. Sananene zambiri, anangofunsa kuti Lachisanu tingabweretse angati.

Mukafuna kuona mmene timayesera ndi tochi, kapena mmene timalembera kope, tipezeni mumsika Lachiwiri kapena Lachisanu chakum'mawa, katundu akangofika. Mafunso tiyankha pompano ngati nthawi ilipo.